Nkhongole imabwezedwa masana

Muphwa wanga, mayi ako anabwera kuno Lachiwiri. Ankati adzera mbewu ya nyemba, koma pochoka nyembazo anaziiwala pakhonde. Chimene anadzera ndi iwe. Akuti wasintha nambala ya foni, njinga yamoto ija ukuibisa kwa mnzako kutsidya kwa dambo, ndipo masabata atatu apita osaoneka kutchalitchi. Sanafunike kupitiriza. Matenda amenewo ndimawadziwa, ndinadwalapo, ndipo sikale ayi. Imvi izi sizinanditeteze.

Ndasankha kulemba chifukwa ndikakuitana udzakhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo, n'kumangoti "inde amalume" osamva kanthu. Komanso si iwe wekha. Kuyambira kuno kwa Zingalume mpaka ku Boma la Chadiza, anyamata ndi atsikana ambiri akuyenda atasenza mtolo womwewo, aliyense akuganiza kuti mnzake sakuuona. Ukawerenga uwapatseko.

Nkhongole yanga inayamba ndi chisangalalo. Mu 2023 a FRA, bungwe la boma logula chimanga, anakweza mtengo wa thumba la chimanga la makilo 50 kuchoka pa K180 kufika pa K280, ndipo tonse tinayamba kuwerenga ndalama zomwe tinali tisanazilime. Ine ndinati ndiwonjezere maekala awiri. Fataleza wotsika mtengo wa boma wa FISP sakanakwanira munda wonsewo, choncho mu Novembala ndinapita kwa munthu wina wa kaloba, chimene abale athu a ku Malawi amachitcha katapila. Anandipatsa K3,000. Pangano linali loti pamwezi ndalamayo izibereka K900, ndiye kuti K30 pa K100 iliyonse, ndipo chikole chinali imodzi mwa ng'ombe zanga ziwiri zapangolo. Ndinasaina mosangalala, mwini ndalama n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Kunyumba sindinanene.

Zimene zinatsatira ukuzikumbuka. Mvula inadula mu Januwale chimanga chili m'mawondo, masamba n'kupiringizika ngati anyezi. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, ndipo chaka chimenecho Zambia anakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni, chikhalirecho chaka chapitacho anaposa 3 miliyoni. Ine m'munda wonse uja ndinatolamo matumba 7.

Koma ndikanama ndikati chilala ndicho chinandimiza. Chilala chinapha chimanga basi. Chimene chinakulitsa nkhongole ndi pakamwa panga potseka. K900 ya Disembala ndinaipeza. Ya Januwale ndinalibe, ndiye ndinakongola pafoni, n'kukatenganso ina kugulu lathu losunga ndi kubwereketsana, kunama kuti ndi yopalitsira. Kwa mlamu wanga ndinapita ndi nkhani ina. Ndinkakumba dzenje kuti ndikwirire dzenje. Kuyambira Febuluwale ndinaleka kulipira n'kuyamba kuzemba, ndipo mwini kaloba anayamba kuphatikiza chiwongola dzanja ku ndalama yoyamba ija, ana nawonso n'kumabereka. K3,000 inakhala K3,900, kenako K5,070, pofika kumapeto kwa Epulo inali K6,591. Apo n'kuti nditapereka kale K1,800.

Zimene nkhongole imachita m'thupi la munthu sazilemba m'buku la wokongoza. Tulo tinkandithawa tambala woyamba asanalire. Njinga yamoto ikalira kumsewu, m'mimba munkachita ngati ndamwa madzi ozizira. Ndinasiya njira yodutsa pagolosale n'kumazungulira kudambo, mtunda wowirikiza kawiri, chifukwa cha K280 ya sopo ndi mchere. Maliro a munthu amene tinavinidwa limodzi sindinapiteko, poopa kukumana ndi amene ndinawakongola. Tsiku lina kamdzukulu kanga kanangopempha pensulo, ine n'kukakalipira mpaka kanathawira kuseri kwa nkhokwe. Munthu wankhongole amalusira ana ndi nkhuku, poti amene akumuopa sangawayankhe.

Pali china chimene sindinauzepo mayi ako. M'chipinda changa munali botolo la mankhwala opopera thonje, ndipo usiku wina ndinadzipeza ndikuliyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu ayenera kuyang'anira botolo. M'mawa mwake ndinalinyamula n'kukalisiya kwa mkulu wa mpingo, n'kumuuza chifukwa chake. Sanandiseke, sanandilalikirenso. Anandikhazika pansi, anandipatsa mbatata, n'kundifunsa ngati mayi a kunyumba akudziwa. Ndikukuuza zimenezi kuti ngati maganizo oterewa akufikira, usagone nawo. Dzuka ngakhale pakati pa usiku, udzagogode pano, kapena pita kwa anamwino kuchipatala ukanene momwe zilili. Nkhongole siilowa nawe m'manda. Imatsala pakhomo, n'kupeza mkazi wako ali yekha. Kuthawanso n'chimodzimodzi. Ambiri amawoloka pa Chanida kulowa ku Mozambique, ena amakwera basi ya ku Lusaka, koma wokongoza satsata basi, amabwera kwa mayi ako. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

Tsono usiku umene ndinaulula. Ndinadikira ana agone. Ndinayamba mozungulira, za chilala, za mitengo ya zinthu, mpaka mayi a kunyumba anati, "Bambo, nenani chimene mukufuna kunena. Ndakhala ndikukumvani mukutembenuka pamphasa miyezi itatu." Nditanena anakhala duu. Kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Zonse pamodzi ndi zingati?" Ndinati mwina K8,000. Anati "mwina" si nambala. Anatenga kope lakale la mwana, n'kuyatsa tochi ya pafoni, tinayamba kulemba mmodzimmodzi. Wa kaloba K6,591. Gulu K2,400. Kampani ya thonje, ya mbewu ndi mankhwala, K1,350. Ya pafoni K620. Mlamu K1,500. Golosale K280. Zonse K12,741. Pamtengo wa chaka chimenecho, K330 pathumba, amenewo anali matumba pafupifupi 39, ife tili ndi 7.

Iwo sukulu sanapite nayo patali, koma nzeru ya ndalama amandiposa. Anatapa chimanga m'lichero n'kuyamba kuwerenga njere, iliyonse kuimira K50, mpaka zinakwana 255. Anazithira m'botolo loyera n'kuliika pawindo. "Nayi nkhongole yanu," anatero. "Tsopano tikuiona tonse." Analira usiku umenewo, ndipo masiku angapo nsima inkabwera popanda mawu. Sanakwiyire ndalamazo koma miyezi imene ndinawasandutsa mlendo m'nyumba mwawo. Chodabwitsa n'chakuti ine ndinagona mpaka dzuwa kutuluka. Nambala inali yaikulu kuposa imene ndinkaganiza, koma inali ndi polekezera. Ya m'mutu ija inalibe.

Choncho usanaganize za kumene upeze ndalama, uza mkazi wako, ndipo mulembe. Osachotsera, osaiwala dala ija ya manyazi kwambiri. Pambali pa iliyonse mulembe ngati ikubereka kapena yangokhala, ndi chimene unaika chikole.

Kenako pamabwera chovuta koposa, kupita wekha kwa amene wakhala ukuwathawa. Manyazi adzakuuza kuti munthu wosweka sapempha pangano latsopano. Taona dziko lathu lomwe lino. Mu Novembala 2020 Zambia analephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongola dzanja kwa amene anamukongoza kunja, dziko loyamba mu Africa kugwa motero m'nthawi ya Covid-19. Nduna sizinathawire kutsidya kwa dambo. Zinayenda, kukhala pansi ndi okongoza zaka zingapo, mpaka mu Juni 2023 ku Paris anagwirizana zokonzanso kabwezedwe ka madola 6.3 biliyoni, nthawi n'kutalikitsidwa, chiwongola dzanja n'kutsika. Ngati boma, ndi mbendera yake, linavula chipewa n'kunena kuti pangano loyamba latikanika, iwe ndi ine tingachite manyazi ndi chiyani?

Ine ndinayamba ndi wa kaloba, poti ndiye ankabereka usana ndi usiku. Sindinapite kunyumba kwake, ndipo iwenso usakambe nkhani yotere awiriwiri. Ndinapempha amfumu a mudzi wathu kuti atiitane. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amfumu pampando, nduna ziwiri pambali, mayi a kunyumba pamphasa chapatali pang'ono. Munthu uja anafika panjinga yamoto, buku lake lachikuto cholimba lili m'khwapa.

"Madala, ine sindinakukakamizeni," anayamba motero. "Munabwera nokha."

"Zoona, bambo," ndinayankha. "Ndinabwera ndekha, leronso ndakuitanani ndekha. Nkhongole sindikuikana. Chimene ndatopa nacho n'kukunamizani kuti mawa, mawa."

Ndinayala zonse poyera: zimene ndinatenga, zimene ndinapereka kale, zimene zili m'nkhokwe, ndi ena onse amene akundidikira. Iye anati angotenga ng'ombe. Apa nduna ina, mphunzitsi wopuma, inalankhula modekha. Inakumbutsa kuti dziko lino lili ndi lamulo la obwereketsa ndalama, lofuna kuti wochita malonda amenewa akhale ndi chiphaso, ndiponso kuti chiwongola dzanja chikaposa K48 pa K100 iliyonse pachaka, khoti limayamba n'kuchiona ngati chopyola muyeso. Pachaka, osati pamwezi. Pa K3,000 imeneyo ndi K1,440 chaka chathunthu, pamene ine ndinali nditapereka K1,800 m'miyezi iwiri. Sanamuopseze, anangoziika pansi ngati munthu woika nkhwangwa pakhomo. Lamulo ulidziwe, koma usalowe nalo pabwalo ukulizunguza m'mwamba. Munthuyo anakuthandiza tsiku limene ena anakukana, ndipo mawa mudzakumana pamaliro.

Anakhala chete, akutembenuza masamba a buku lake. Nayenso ankawerenga zake. Chaka cha chilala aliyense amagulitsa ziweto, mitengo ili pansi, ndipo ng'ombe yotengedwa mokakamiza pamaso pa amfumu ikanamuthawitsira makasitomala. Tinakokanakokana mpaka tinaima pa K4,500, ndipo mawu amene ndinalimbikira kuti alembedwe ndi akuti ndalamayo yaleka kubereka kuyambira tsiku limenelo. Pa zonse zimene ungapemphe kwa wokongoza, chachikulu n'chimenechi. Nkhongole yoima, ngakhale ikule bwanji, imatha. Yoyenda siipezeka, uli pambuyo pake mpaka kalekale.

Amfumu atafunsa kuti ndizipereka zingati pamwezi, manyazi anandikwera ndipo ndinatsegula pakamwa kuti nditi K400. Kumphasa kuja kunamveka chifuwa, chikhalirecho munthuyo sankadwala. Ndinameza mawu anga n'kunena K150. Munthu uja anaseka, ati imeneyo ndi ya mafuta a njinga. Koma mayi a kunyumba ankadziwa chimene ine ndinkafuna kuiwala, kuti pangano saliyeza ndi mwezi wa Juni, pamene m'thumba muli kanthu. Amaliyeza ndi Febuluwale, nkhokwe ili pululu, ana akufuna makope, malungo ali pakhomo. Ukalonjeza zokometsa bwalo, udzaombedwa m'manja tsiku limodzi n'kuyambiranso kuzemba mwezi wachitatu, ndipo ulendo wachiwiri palibe adzakukhulupirire. Tinamvana kuti ndipereke K1,500 sabata yomweyo, K150 mwezi uliwonse kwa miyezi 12, ndi K1,200 yotsala pokolola mu 2025. Analemba mapepala atatu, langa, lake ndi la amfumu, tonse n'kusaina. Madzulo ake tinachotsa njere 42 m'botolo muja osatulutsa ngakhale ngwee imodzi.

Pamapepala pomwepa ndikutsine khutu, iwe ndi anzako. Ena okongoza amakulembetsa kalata yoti wagulitsa ng'ombe, njinga kapena nyumba, pomwe iwe ukudziwa kuti wangokongola. Amati ndi mwambo chabe. Tsiku la mlandu pepalalo lidzanena kuti unagulitsa, ndipo lidzaposa pakamwa pako. Usasaine chimene sunawerenge, kapena kuwerengeredwa ndi munthu wako. Chitupa chako cha NRC, khadi la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi, zimenezo sizichoka m'manja mwako. Munda usautchule n'komwe. Si wako wekha, ndi wa mbumba, ndipo nthaka ya kuno ili m'manja mwa mafumu.

K1,500 ija inachokera ku mbuzi zitatu. Tinagulitsanso nkhuku ndi malata ochepa amene ndinkasungira nyumba yatsopano, ndipo malatawo anandipweteka kuposa mbuzi, poti mudzi wonse unawaona akutuluka pangolo. Koma matumba 7 aja sitinawakhudze, mbewu sitinaikhudze, ng'ombe ndi ngolo sitinazikhudze. Gulitsa chimene chimangokukometsa, usiye chimene chimakudyetsa ndi chimene chimakugwirira ntchito. Ngolo ija ndiyo inabweza nkhongole, kututa njerwa, mchenga ndi madzi a anthu omanga, pamodzi ndi timasamba ta kudimba pamene chitsime chinali chisanaphwe, ndi zitumbuwa za mayi a kunyumba.

Ndiye taganiza za njinga yako. Imeneyo ndiyo ng'ombe yako yapangolo. Tsiku lililonse limene yagona kutsidya kwa dambo, anzako akunyamula anthu opita ku Boma ndi kuchigayo, iwe osapeza kanthu, nkhongole ikuyenda. Waibisa kwa wokongoza, koma waibisanso kwa ndalama zimene zikanamulipira. Nambala yatsopanoyo nayonso siikubisa. Simu iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa ndi NRC, ndipo pali lamulo la 2018 loyendetsa zosunga mbiri ya okongola, kotero dzina loipa pa kankhongole ka pafoni likhoza kukakutsekera chitseko kubanki zaka zikubwerazi, pamene udzafune ndalama ya chinthu chenicheni. Popeza iwe unakongola kukampani, pita ku ofesi yawo ukapemphe pepala loonetsa ndalama imene unatenga, imene wabweza, chiwongola dzanja ndi zilango, chilichonse pachokha. Ukapemphe kuti akutalikitsire nthawi, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe. Mawu a pafoni a kalaliki amauluka. Makampani otere amapatsidwa ziphaso ndi Bank of Zambia, ndipo ngati akukuchita zosayenera, kumeneko kuli khomo lodandaulira.

Enawo ndinawayendera mmodzimmodzi. Ya pafoni ndinaitseka msanga ndi ndalama ya malata, poti zilango zake sizimva chilala. Kukampani ya thonje ndinapereka kathonje konse kamene ndinatola, ngakhale ogula a sikelo ya pamsewu ankandinyengerera ndi ndalama ya pompopompo. Kanakwana K800, yotsalayo anavomera kuidula chaka chotsatira. Wa golosale ndinamupatsa K40 pamwezi, ndipo tsiku limene ndinamupatsa yoyamba ndinayambanso kudutsa njira yachidule.

Kugulu ndiye kunali kowawa. Ndalama ya kaloba ndi ya munthu mmodzi wochita malonda, koma ya m'bokosi la gulu ndi ya anansi: ya mayi wamasiye wosungira nsapato za mwana, ya mtsikana wogulitsa tomato. Ndinaimirira pamsonkhano n'kunena kuti ndinanama, sinali yopalitsira. Mayi wina anandilalatira mpaka mawu anamuthera, ndipo sindinamuyankhe chifukwa ankanena zoona. Pamapeto anavomera kuti K900 imene ndinasunga idzadulidwe pogawana mu Disembala, yotsalayo ndizipereka K150 pamwezi. Onse pamodzi, mwezi wamba unkandidya K340.

Mlamu wanga ndiye ndinatsala pang'ono kumulakwira. Popeza sankabereketsa ndipo sankabwera kudzafunsa, ndinamuika kumapeto, n'kukhala chete. Chete ameneyo iye anamumva ngati chipongwe. Ndinazindikira nditaona kuti ana ake aleka kubwera kudzasewera kuno. Nkhongole ya m'bale ikhoza kudikira, koma m'baleyo aziuzidwa kuti akudikira, ndi chifukwa chake, ndi mpaka liti. Ndinapita, tinamvana kuti ndimulimire ndi ng'ombe maekala ake mvula ikagwa, yotsala ndidzamalize pokolola.

Usaganize kuti pangano likalembedwa mtima umakhala m'malo mpaka kumapeto. Miyezi iwiri yoyamba umayenda mopepuka, ngati munthu wochira. Kutopa kumabwera pakati, cha m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, pamene wavutika kale kwambiri koma botolo likuonekabe lodzaza. Mu Ogasiti 2024 anzanga anakwera lole kupita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ine n'kutsala ndikututa njerwa za munthu wina. Ukaona mnzako wagula foni yatsopano umamva kuwawa kosaneneka. M'nyengo imeneyo ndi mmene mayesero amafikira. Foni yomwe ija imakutumizira uthenga wokuyamikira kuti wabweza bwino, tsopano ukhoza kutenga yochulukirapo. Wina amabwera n'kukuuza kuti akupatse ndalama imodzi yaikulu utsekere onse, uzilipira iye yekha. Nthawi zina zimenezo zimathandiza, ngati chiwongola dzanja chake chili chotsikadi ndipo mwawerengera mpaka kumapeto anthu awiri, koma kawirikawiri kumakhala kusintha mbuye chabe. Ndipo pali kandege ka juga ya pafoni kaja ndi kubetcha mpira, kumene anyamata amaponyako K20 ya nkhongole poganiza kuti ibwera ndi anzake. Ndawaona akuyang'anitsitsa foni pansi pa mtengo, nkhope zili gwa. Sindinaonepo ndi mmodzi yemwe amene kandegeko kanamutulutsa m'nkhongole.

Ife chimene chinatigwira ndi botolo lija. Tsiku lolipira likafika, madzulo ake tinkakhala pansi n'kuchotsa njere, zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi chimodzi, kamdzukulu kaja n'kumakaziponyera nkhuku. Zimaoneka zachibwana, koma mtima umafuna kuona ndi maso kuti chinthu chikutsika. Mayi a kunyumba anaumiriranso chinthu china chimene poyamba ndinachitsutsa: K20 pamwezi ya shuga ndi kapenta wa Lamulungu. Ndinkati munthu wankhongole alibe ufulu wa tiyi. Iwo anati ng'ombe yokoka ngolo imamasulidwa madzulo, apo ayi imagona panjira. Ankanena zoona. Nyumba imene mwaletsedwa kuseka kwa chaka chathunthu, wina amathawamo, kapena amakakongola mobisa kuti apumeko.

Ubwererenso pakati pa anthu. Pita kutchalitchi ngakhale chopereka chikhale K1. Pamaliro nyamula khasu ukakumbe nawo manda. Anthu amapirira wankhongole amene akumuona, koma wosowa amamupekera nkhani, ati wagula malo ku Chipata, ati akumwera ndalama zathu. Adzakunena ndithu, masabata awiri kapena atatu, kenako adzapeza wina wokamba. Ine amene ndinkaopa kuti adzandiseka, atatu mwa iwo anabwera usiku, mmodzimmodzi, kudzafunsa kuti pepala la kwa amfumu lija tinalilemba bwanji.

Ndipo mwezi wina udzalephera, usakayike. Ine unali Febuluwale 2025. Mwana anadwala, ndalama inathera pa mayendedwe a kuchipatala, m'manja n'kutsala K60 pamalo pa K150. Thupi lonse linkandiuza kuti ndizungulire kudambo ngati kale. Ndinapita kwa munthu wa kaloba uja kutatsala masiku atatu kuti tsiku likwane, n'kumuikira K60 patebulo, n'kumuuza tsiku limene ndidzabweretse K90. Anandiyang'ana, n'kulemba m'buku mwake ndi m'kope langa, osanena zambiri. Ukafika tsiku lisanakwane ndiwe munthu amene wapeza vuto. Ukadikira kuti akufunefune ndiwe wakuba, ngakhale ndalama ikhale yomweyo. Kope limenelo uziyenda nalo nthawi zonse, ndipo ngwee iliyonse imene wapereka, wolandirayo asaine pomwepo. Ukatumiza pafoni, uthenga wake usaufufute.

Pokolola usatchule tsiku lenileni lomalizira, utchule mwezi. Ndalama ya chimanga siibwera tsiku limene wapereka matumba. Mvula ya chaka chotsatiracho inatikomera, mtengo unali K340 pathumba, ndipo matumba anayi anakwanira kutseka K1,200 ija. Ndinakapereka mu Ogasiti 2025, pansi pa mango womwe uja, miyezi 16 chilembereni pangano. Amfumu anang'amba mapepala onse atatu. Munthu uja anandigwira chanza n'kunena kuti, "Madala, inu ndinu kasitomala wabwino. Mu Novembala mukafuna ya fataleza, mundipeza." Ndinamuthokoza. Chaka chimenecho ndinalima maekala amene fataleza wanga anakwanira, enawo ndinadzalamo nshawa ndi soya.

Ndinkayembekeza kuti tsiku limenelo ndidzavina. Ndinangomva kutopa, n'kugona masana ngati mwana. Njere zomaliza mayi a kunyumba sanapatse nkhuku. Anazikulunga m'kansalu n'kuziika m'chikwama chimene ndimasungiramo NRC, kuti tsiku lililonse ndikafuna chitupacho kukasainira kanthu, ndiziyamba kukhudza izo.

Loweruka m'mawa ndidzakhala pakhomo, sindipita kudimba. Ubwere ndi mkazi wako, koma ukhale utamuuza kale wekha, asadzamvere pano. Utenge mapepala onse a njinga, simu yakale ija, ndi kope losalembamo. Njingayo ukaitenge kwa mnzako Lachisanu, ubwere utakwera, udzere njira ya pagolosale. Lolemba tidzapitira limodzi ku ofesi ya anthu akowo, ine ndidzakhala pambali, wolankhula udzakhala iwe. Botolo lilipo, ndalitsuka. Chimanga ubwere nacho chako.